Musanasaine kuti mwalandira pikapu yatsopano, yambani mwagwada kaye

Tsiku lokatenga galimoto yatsopano munthu nzeru zimakuthawa ndithu, sindikunyoza aliyense chifukwa inenso ndinaziona ndi maso angawa. Umafika kwa dila kuja, pikapu aiika pakhomo penipeni aitsuka mpaka ukudziona nkhope pa chitseko, mwina aimanganso kariboni kofiira pa boneti, wogulitsa akumwetulira makiyi ali mmanja, wina wakonzeka kale ndi foni kuti akujambuleni, kenako amangoti bwana tasainani apa ndi apa. Kapepala kaja ambiri sitimakawerenga, koma mau ake amakhala oti galimoto mwailandira ili bwinobwino. Mukangosaina nkutuluka pageti, chilichonse chomwe mudzachipeze mawa funso loyamba lidzakhala loti tidziwa bwanji kuti simunachite nokha.

Ine ndinaperekeza malume anga kukatenga double cab yawo, tinafika Lachisanu cha mma 4 koloko madzulo dzuwa litapendeka, anyamata a mu wekishopu akusamba mmanja kuti aziweruka. Tinazungulira galimoto kamodzi, malume anagogoda tayala ndi nsapato ngati pali chomwe nsapato ingawauze, tinajambulitsa, tinanyamuka. Patatha masabata atatu tayala linaphwa pa msewu wa Zalewa usiku, jeke inalipo koma kachitsulo kotsitsira sipeya kunalibe, ndiye sipeya ili pansi pa bodi tikuiona ndi tochi koma kuitsitsa osatheka. Tinadikira mpaka pikapu ina yofanana nayo inaima nkutibwereka. Ndipo mmawa mwake dzuwa litawala ndipomwe ndinaona kuti chitseko chakumbuyo chotsitsa chija kuyera kwake kukusiyana pang'ono ndi bodi yonse. Titabwerera kukafunsa anatilandira bwino, tiyi anatipatsa, koma yankho linali loti munasaina.

Mwina wina afunsa kuti galimoto yoti sinayendepo ingakhale bwanji ndi vuto. Nkhani ndi yoti yayenda kale, kungoti siinayende ndi matayala ake. Ma pikapu ambiri omwe timagula atsopano kuno amapangidwa ku South Africa, Hilux ku Prospecton ku Durban, Ford Ranger ku Silverton ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha komwe kale tinkati Port Elizabeth, ndipo ena amachokera ku Thailand, ku India kapena ku China pa sitima ya pamadzi. Ikachoka ku fakitale imakaima pa yadi, imakwezedwa pa lole yonyamula magalimoto nkumangidwa ndi malamba kapena matcheni, imadutsa mmaboda, ya ku Joni mwina Beitbridge kenako Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ya padoko mwina Beira, kapena Dar es Salaam komwe imalowera pa Songwe. Paliponsepo pali munthu woikweza ndi woitsitsa, pali miyala yothamanga kuchoka ku matayala a malole ena, pali nthambi za mitengo. Ikafika imadikiranso mapepala a MRA, kenako imaima pa yadi ya dila mwina mwezi, mwina miyezi isanu ndi umodzi padzuwa ndi pamvula kudikira inuyo. Ikakandika panjira saitaya ayi, amaikonza nkuipentanso, ndipo sikuti nthawi zonse amakuuzani.

Dila aliyense amayenera kupanga zomwe amati PDI, kutanthauza kuiyendera galimoto yonse asanaipereke, kuchotsa mapulasitiki, kuona oyilo ndi madzi, kuchepetsa mpweya mmatayala, kumanga mawilo, kuyesa magetsi. Pamakhala fomu yochonga. Vuto la fomu yochonga tonse timalidziwa, munthu akatopa kapena galimoto zikachuluka amatha kuchonga mzere wonse ali chikhalire pa mpando. Ndiye pemphani kuti muione fomuyo, ikhale ndi deti, dzina la makaniko ndi chidindo, koma musaikhulupirire kuposa maso anu.

Nthawi yokatenga muisankhe nokha. Mmawa, pakati pa sabata, kunja kukuwala, ndipo muwauziretu kuti mukhala maola awiri ndipo injini asailize inu musanafike. Lachisanu madzulo kapena tsiku lomaliza la mwezi aliyense amakhala pa changu, wogulitsa akufuna galimoto ituluke kuti ilowe mu chiwerengero chake. Mvula ikugwa musapite, madzi amabisa mikwingwirima yonse pa penti. Mkati mwa shoo rumu namonso magetsi aja anawaika kuti chilichonse chizioneka chokongola, auzeni aitulutse panja. Tengani tochi, kansalu koyera, katoni yoti mugonepo, ndipo koposa zonse tengani munthu yemwe sakusangalala nanu, makaniko wanu kapena mnzanu wovuta uja amene amapeza cholakwika ngakhale pa ukwati. Inu mwini mtima uli mmwamba, simungaone.

Yambani ndi mapepala musanaigwire nkomwe. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yake ya chasisi, ena amati VIN, zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O ndi Q chifukwa zimasokonezeka ndi 1 ndi 0. Nambalayi imapezeka pa kachitsulo kapena sitika ya pa mphuthu ya chitseko kapena mu boneti, pa galimoto zina pansi pa galasi lakutsogolo, koma yeniyeni ndi yomwe inadindidwa pa chitsulo cha chasisi, bukhu la galimoto limaonetsa malo ake. Iwerengeni chilembo chimodzichimodzi wina akuyang'ana pa invoisi, pa mapepala a kasitomu, pa inshuwalansi ndi pa blue book ngati yatuluka kale. Chilembo chimodzi chokha chikalakwika mudzavutika ku Road Traffic, mudzavutika pa boda, ndipo tsiku lomwe mudzachite ngozi a inshuwalansi adzakuuzani kuti galimoto yomwe iwo anaiteteza si imeneyi. Nambala ya injini chimodzimodzi. Zilembo zitatu zoyambirira za nambala ya chasisi zimanenanso komwe inapangidwa, mwachitsanzo Toyota ya ku South Africa imayamba ndi AHT pomwe ya ku Thailand imayamba ndi MR0, ndipo izi zimathandiza podzagula zipangizo chifukwa sizifanana zonse.

Muonenso kuti galimoto yomwe yaima apoyo ndi yomwe munalipiradi. Izi zimamveka ngati nthabwala koma ma pikapu amafanana kwambiri kunja. Hilux ili ndi injini ya 2.4 komanso ya 2.8, pali 4x2 yokwera yomwe ukaiona patali ungalumbire kuti ndi 4x4, pali ya diff lock, yomwe imamanga mawilo akumbuyo kuti azizungulira limodzi, ndi yopanda. Mabungwe ndi mipingo ndi omwe amagwa kwambiri apa, chifukwa wolemba oda ndi wina, wosaina cheke ndi wina, wokatenga ndi dalaivala yemwe sanaone nkomwe zomwe zinalembedwa. Nyamulani kotesheni ija muziyenda nayo mzere ndi mzere.

Kenako zaka. Galimoto itha kukhala yatsopano chifukwa sinakhalepo ndi mwini, koma inapangidwa kalekale. Sitika ya pa chitseko nthawi zambiri imanena mwezi ndi chaka, malamba a mipando nawonso amakhala ndi kansalu kumunsi kolembedwa deti, koma chosavuta kwambiri ndi matayala. Mmbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, ndiye 2324 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2024. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali yamkati, nchifukwa chake ndinati tengani tochi. Matayala onse asanu akuyenera kukhala a mtundu umodzi, saizi imodzi ndi madeti oyandikana. Mukapeza limodzi losiyana ndi anzake funsani kuti loyamba linapita kuti, mwina linaphulika potsitsa, ndipo ngati linaphulika chifukwa chomenya chinthu ndiye limu ndi zamkati nazonso zinamva.

Pa tayala pomwepo pali nambala ina yomwe anthu saisamala, monga 265/65 R17 112S. 112 ameneyo akutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 1,120. Ngati dila anakusinthirani malimu kuti ioneke bwino, onetsetsani kuti matayala atsopanowo nambala imeneyi siyotsika kuposa yomwe fakitale inalemba. Mpweyanso muuyeze pomwepo. Ponyamula amapopa kwambiri dala kuti tayala lisaphwatalale poima nthawi yaitali, ndiye akaiwala kuchepetsa galimoto imadumpha ngati ngolo ndipo matayala amadyeka pakati. Mlingo woyenera walembedwa pa sitika ya pa chitseko cha dalaivala, pali wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza.

Tsopano penti, apa ndipofunika kudekha. Musaime kutsogolo kwa chitseko nkumachiyang'ana maso ndi maso, simuona kanthu. Imani kukona ya galimoto, weramani, muyang'ane motsetsereka mbali yonse ngati mukuona ngati thabwa ndi lowongoka, timaenje ting'onoting'ono timaonekera pamenepo. Penti ya ku fakitale imakhala ndi khungu lofanana paliponse, pomwe pakonzedwa pamakhala mwina posalala kwambiri kapena pa timabampu ngati khungu la lalanje, ndipo mtundu umasiyana pang'ono makamaka silva ndi yoyera ya ngale ija. Tsegulani zitseko muyendetse chala mmphepete, mukamva kamzere kokhakhala ndiye kuti panamatidwa tepi popenta. Yang'anani ma raba a magalasi ndi mapulasitiki akuda ngati pali kafumbi ka penti, ku fakitale zimenezi amaziika penti itauma kale ndiye sizingakhale ndi dontho. Mabawuti ogwira boneti ndi mafenda nawonso amaulula, amapentedwa limodzi ndi galimoto, sipanala ikawagwira penti ya pa mutu pake imasupuka. Amene ali ndi kamakina koyezera kukhuthala kwa penti abwere nako, sikofunika kudziwa nambala yeniyeni, mungofananiza, ngati paliponse pakuwerenga mofanana koma chitseko chimodzi chikuwerenga kuwirikiza kawiri kapena katatu, yankho mwalipeza.

Denga anthu amaliiwala chifukwa pikapu ndi yaitali. Kwerani kumbuyo muyang'ane pamwamba, pa lole paja galimoto za mmwamba ndi zomwe zimakumana ndi nthambi, ndipo matalala akagwa pa yadi ndi denga ndi boneti zomwe zimalandira. Mipata ya pakati pa zitseko ndi bodi ikhale yofanana uku ndi uku, chala chanu ndi choyezera chokwanira. Pikapu ili ndi mbali ina yomwe galimoto yaing'ono ilibe, kebu ndi bodi yonyamulira katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana zomangidwa pa chasisi imodzi, ndiye imani kumbuyo chapatali muone ngati bodi yakhala mowongoka ndi kebu, mpata wa pakati pake kumanzere ndi kumanja ufanane. Ili pamalo a fulati yezaninso kuchoka pansi kufika pa fenda mbali zonse, kusiyana pang'ono kumachitika, koma ngati maso okha akuona kuti yapendekeka musavomere zoti ikhazikika ikayenda.

Chitseko chakumbuyo chitsitseni ndi kukweza kangapo, chizitsekeka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi osachita kuchimenya ndi bondo. Tingowe tomangira katundu tigwedezeni. Ngati mwaikitsa raba yopopera ija mu bodi, onani kuti sanatseke timabowo totulutsa madzi, apo ayi nthawi ya dzinja muzidzayenda ndi dziwe. Ngati ndi pulasitiki yongoika, pemphani kuti muone pansi pake, chifukwa ndi malo abwino kwambiri obisapo zokandika.

Ndiye gwadani. Yalani katoni ija mugone, kapena ngati ali anthu abwino apempheni aikweze pa lifiti mu wekishopu, mphindi khumi zokha. Pikapu mtengo wake uli pansi apa, pamwamba paja ndi chikomekome cha mkuyu chabe. Yendetsani tochi pa chasisi yonse kuyambira kutsogolo, mukufuna malo opindika, okandika mwatsopano, kapena opoperedwa penti yakuda yonyezimira mosiyana ndi kwina. Omanga galimoto pa lole akalakwitsa amakoleka tcheni pomwe sipoyenera, pa chitsulo cha chiwongolero kapena pafupi ndi paipi ya buleki, ndipo chizindikiro chimatsala. Yang'anani pansi pa injini, pa giyabokosi, pa transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo pa 4x4, ndi ma diff onse awiri ngati pali kunyowa kwa oyilo, pukutani ndi kansalu koyera kaja mudzaonenso mukabwera koyesa. Mashoko akhale ouma. Ma raba okwinyika a ma shafti akutsogolo asakhale ong'ambika kapena otaya girizi. Masipuling'i akumbuyo, mapepala achitsulo aja, akhale ofanana chiwerengero mbali zonse ndipo ma U bolt omangidwa bwino.

Koma musachitenso mantha ndi chilichonse, pali zina zomwe ndi zabwinobwino ndipo mukalimbana nazo wogulitsa amayamba kukuonani ngati simukudziwa kanthu, kenako zenizeni zija sakumveraninso. Kadzimbiri kofiirira pa ma disiki a buleki ndi chinyezi chabe, kamachoka mukaponda buleki kangapo. Kadzimbiri kapamwamba pa ekizozi kapena pa zitsulo zochindikala zosapentedwa sikoopsa. Madzi oyera odontha pansi mukayatsa eyakoni ndi ntchito yake. Kafungo kopserera masiku oyamba ndi phula lotetezera lomwe likupsa pa ekizozi. Oyilo wa mu injini ya dizilo amada msanga kwambiri, sizitanthauza kuti ndi wakale. Chomwe sichabwino ndi dzimbiri lotumphuka ngati nkhanambo, matope ouma mmakona a chasisi pa galimoto yomwe akuti sinayendepo, kapena mzere wa madzi akuda mkati mwa zitseko ndi pansi pa kapeti.

Muli pansi pomwepo tsitsani sipeya, osangoiyang'ana ayi, itsitseni ndithu ndi manja anu. Tulutsani jeke, wilo sipanala ndi tizitsulo tolumikiza tija, nthawi zambiri timakhala kuseri kapena pansi pa mpando wakumbuyo, lowetsani pa kabowo ka pamwamba pa bampa mupukuse mpaka tayala lifike pansi. Mukatero mwaona zinthu zitatu nthawi imodzi, kuti zida zonse zilipo, kuti tcheni chikuyenda, komanso mwaphunzira masana zomwe ife tinakaphunzira usiku pa Zalewa. Ngati mawilo ali ndi manati okiya, kiyi wake mumugwire mmanja ndipo mumuyese. Ma triangle ndi chozimitsira moto muonenso ngati zilimo, apolisi pa rodibuloko sasamala zoti galimoto ndi ya dzulo.

Boneti muigwire kaye ndi dzanja musanatsegule, ikhale yozizira. Onani mlingo wa oyilo, madzi a rediyeta mu kabotolo kake, mafuta a buleki, ndi mawaya ngati palibe pomwe makoswe alawa, galimoto yoima nthawi yaitali pa yadi makoswe amaisandutsa nyumba ndipo mukaona zinyalala kapena manyi awo pamwamba pa injini muyang'anitsitse kwambiri. Batire ndi chinthu chomwe chimavutika kwambiri galimoto ikamangokhala. Ndi kamita kamagetsi kotchipa komwe, batire yodzaza bwino injini isanalire imawerenga mavoti pafupifupi 12.6, ikatsika pansi pa 12.4 ndiye kuti yakhala osatchajidwa, ikafika cha mma 12.0 ndiye yafookeratu, ndipo batire yomwe yagonapo chonchi siibwereranso mwakale ngakhale aitchaje, imadzakusiyani mmawa wina wa June kukuzizira. Pemphani ina, osati kuitchaja.

Polowa mkati tembenuzani kiyi kapena dinani batani osaliza injini, timagetsi tonse ta pa dashibodi tiyake, ka injini, ka ABS, ka airbag, ka oyilo, ka batire, ndi kawaya kopotana ka ma heater plug pa dizilo. Kenako lizani, tonse tizime pasanathe masekondi angapo kupatula ka handibuleki ndi ka lamba. Kagetsi komwe sikanayake nkomwe poyamba ndi kokayikitsa mofanana ndi komwe kakana kuzima. Injini yozizira ilire kamodzi, dizilo imagogoda pang'ono ikamayamba ndipo ndi chibadwa chake, koma utsi wabuluu kapena woyera wosatha ayi.

Makilomita muwalembe pa pepala lolandirira. Yatsopano imakhala ndi ochepa, makumi angapo oyendera pa fakitale, padoko ndi pa yadi. Mukapeza mahandiredi funsani, mwina anaiyendetsa kuchoka ku nthambi ya Blantyre kupita ku Lilongwe komwe ndi makilomita opitirira 300, chimenecho ndi chifukwa chomveka koma anayenera kukuuzani, ndipo mwinanso inali yoyesera makasitomala, zomwe zikutanthauza kuti mtengo wake sungakhale wa yatsopano.

Zamkatizi ndi zongofuna kuleza mtima, dinani chilichonse chomwe chili ndi batani. Magalasi onse anayi akwere ndi kutsika, eyakoni izizire ndithu osati kungouzira, wailesi, Bluetooth ilumikizane ndi foni yanu, kamera yobwerera mmbuyo, huta, mawaipa ndi madzi ake, mipando isunthe, malamba onse muwakoke mwamphamvu agwire. Mnzanu uja aime panja muyese magetsi onse kuphatikiza a buleki ndi a rivesi. Kwezani makapeti mugwire pansi ngati pali chinyezi. Makiyi akhale awiri ndipo onse muwayese kuliza injini, chifukwa kiyi wa masiku ano ali ndi kachipu mkati, kudulitsa wina si nkhani ya pa msika ndipo mtengo wake umawawa.

Akakuuzani kuti simungaiyendetse musanasaine chifukwa cha inshuwalansi, auzeni ayendetse iwowo inu mukhale pambali, kapena aike nambala zawo za garaja. Wailesi muzimitse. Pa msewu wowongoka chiwongolero chikhale pakati ndipo galimoto isakokere mbali, pondani buleki mwamphamvu kamodzi pomwe palibe anthu muone ngati ikuima mowongoka, magiya onse alowe mpaka rivesi, pezani bampu mumvetsere kugogoda. Pikapu yopanda katundu imadumpha kumbuyo chifukwa masipuling'i ake anapangidwira kulemedwa, chimenecho musadandaule nacho. Kunjenjemera kwa chiwongolero pa liwiro la 80 kapena 100 ndiye muwauze, mwina ndi balansi ya mawilo kapena matayala omwe anaphwatalala poima.

4x4 muiyese ndithu, anthu ambiri amadzaiyesa koyamba atatitimira kale mmatope ku mudzi mwezi wa January, ndipo ndi pomwe amadziwira kuti siikulowa. Koma muyesere pa dothi kapena pa miyala osati pa tara. Ma pikapu ambiri 4x4 yake ndi yongolowetsa pakafunika, ilibe diff yapakati, ndiye mukaiyendetsa mu 4H, momwe mawilo onse anayi amakoka, pa tara youma nkumakhota, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakanganirana ndipo zitsulo zimamangana mpaka kuonongeka. Pa dothi lowetsani 4H, kagetsi kaphethire kenako kakhazikike. 4L imafuna muime kaye, giya ikhale pa N kapena mupondereze kilatchi, ikalowa galimoto imayenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu ngati thirakitala. Diff lock nayonso iyake ndi kuzima. Kenako bwezerani mu 2H, momwe mawilo akumbuyo okha amakoka, muonetsetse kuti yatulukadi, kagetsi kongophethira osakhazikika ndiye kuti sizinalowe kapena sizinatuluke.

Zoikitsa zoonjezera ndi pomwe ndimaona zolakwika zambiri kuposa za ku fakitale, chifukwa izi zimamangidwa konkuno mwachangu, kanopi, roll bar, tow bar, chitsulo chakutsogolo, ma spotlight, alamu. Onani pomwe abowola ngati apakapo penti, bowo losapaka ndi pomwe dzimbiri limayambira. Mawaya akhale omangidwa bwino ndi fyuzi yake, osati opotokola ndi tepi. Funsaninso, ndipo ayankhe polemba, ngati zimenezi sizikuononga waranti, makamaka za magetsi ndi chitsulo chakutsogolo chomwe pa galimoto ya ma airbag chimayenera kukhala chovomerezeka. Ndipo kumbukirani kuti chilichonse mwamangapo chikudya katundu yemwe mukananyamula. Timati pikapu ndi ya tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, koma mu tani imeneyo muli inuyo ndi onse okwera. Anthu asanu a makilogalamu 70 ndi 350, matumba 7 apita kale, kanopi ndi zitsulo zija mwina matumba ena awiri kapena atatu, ndipo ma double cab ambiri safika nkomwe tani yathunthu. Nambala zenizeni zili pa kachitsulo ka pa chitseko ndi mu bukhu, sipuling'i ikathyoka chifukwa chodzaza mopitirira waranti siilipira.

Za waranti musamve za pakamwa. Ku South Africa Hilux imakhala ndi zaka 3 kapena makilomita 100,000, Ranger zaka 4 kapena 120,000, D-Max zaka 5 kapena 120,000, chomwe chayamba kukwana, koma dziko lililonse wogulitsa amakhala ndi mfundo zake ndiye chomwe chikugwira ntchito kwa inu ndi chomwe chalembedwa mu bukhu lomwe akupatsani. Onani deti yomwe waranti yayambira, ikhale tsiku lomwe mwalandira osati tsiku lomwe galimoto inafika pa yadi kapena lomwe anailembetsa ngati yoyesera. Funsani sevisi yoyamba ndi pa makilomita angati, ndani akulipira, komanso ngati kupita kwa makaniko wanu wa ku Ndirande kapena ku Biwi kukuthetsa waranti, nthawi zambiri kumathetsadi. Ngati ndi dizilo ya sefa ya utsi ija amati DPF, akuonetseni kagetsi kake ndi chochita kakayaka, chifukwa galimoto yongozungulira mtauni maulendo afupiafupi sefayo imatsekeka. Inshuwalansi iyambe musanatuluke pageti, osati mawa, ngozi zina zimachitikira pa raundabauti yoyamba.

Nanga mukapeza vuto mutani. Apa ine ndimagawa pawiri. Zing'onozing'ono monga kokandika kochoka ndi polishi, mateti osowa, kapulasitiki kothyoka, mutha kuitenga galimoto koma zilembedwe pa pepala lolandirira lomwelo musanasaine, chinthu chilichonse ndi deti yomwe akonze, manijala asaine osati wogulitsa yekha chifukwa wogulitsa mwezi wamawa mutha kumva kuti anasiya ntchito, mujambule zithunzi galimoto ili pa yadi pawo nambala ikuoneka, ndipo kope imodzi mutenge. Mau oti bwana musadandaule mudzangobwera nayo tidzakonza ndi aulere, sagwira ntchito pa tsiku la mkangano. Koma nambala ya chasisi yosagwirizana ndi mapepala, chasisi yopindika, oyilo wodontha, kagetsi ka injini kapena ka airbag kosazima, 4x4 yosalowa, chizindikiro choti munalowa madzi, kapena mbali yopentedwanso yomwe sanakuuzeni, pamenepo makiyi muwabwezere, musasaine kanthu, ndipo ngati ndi ya ngongole imbirani a banki muwauze kuti simunailandire asanatulutse ndalama zotsala. Pa yopentedwanso mutha kugwirizana kuti akuchotsereni mtengo ngati mwaikonda, bola zilembedwe, chifukwa tsiku lomwe mudzaigulitse wogula adzabwera ndi makaniko wake ndipo adzakuuzani kuti inachitapo ngozi.

Zikavuta kwambiri kuli a Competition and Fair Trading Commission omwe amalandira madandaulo a ogula, koma nawonso chomwe adzayambe kufunsa ndi mapepala, ndiye ngati pepala lomwe lilipo ndi lomwe munasaina kuti zonse zili bwino mwadzimanga nokha.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi a kuntchito kukatenga single cab ya ku munda, tinafika 9 koloko mmawa Lachiwiri ndi katoni yathu. Wogulitsa poyamba ankaseka, anati akulu mukuchita ngati mukugula ya ku Dubai, koma ataona makaniko wathu wagona pansi ndi tochi anangopita kukatenga mpando nkukhala. Tinapeza batire ikuwerenga 12.1, matayala onse anali ndi mpweya wa paulendo uja, ndipo kagetsi kamodzi ka tow bar sikankayaka. Batire anasintha pomwepo, mpweya anachepetsa, za tow bar tinalemba pa pepala manijala nkusaina kuti Lachisanu. Tinatuluka pageti cha mma 12, kariboni kaja tinakaiwala pa tebulo.